Matiresi a Bambo Akwera Basi

Kunyumba, 4 Meyi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga kaja ndimangokaonera pachithunzi. Ife kuno tilipo, koma mwa apo ndi apo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindikupeza. Ukayankha umangoti, "Amayi, ndili pamsonkhano, ndikuimbirani," ine n'kukhala tsiku lonse foni ili m'manja ngati ndikuilera. Bola kalata, ilibe msonkhano.

Bambo ako akadali m'chipatala ndi msana uja. Adokotala akuti awatulutsa kumapeto kwa mwezi, koma andichenjeza kuti akadzagonanso pa matiresi athu akale aja, abwerera konko ndipo ulendo umenewo ndi wa opaleshoni. Matiresiwo ukuwadziwa iwe. Anakumbika pakati, moti munthu ukagona kumphepete mutakangana, umadzuka muli pamodzi pakati musanakhululukirane. Akufunika atsopano, olimba gwa.

Muyezo ndi ulusi uli mu envulopumu. Ulusi wonse ndi m'litali mwa bedi, pomwe ndamanga mfundopo ndi m'lifupi. Tepi yoyezera ilipo, koma bambo ako ndi ukalipentala wawo, ngakhale anapuma, bokosi lawo la zipangizo salola munthu kuligwira. Anakhoma, kiyi n'kupita nayo kuchipatala m'thumba la malaya. Ndiponso sindikufuna adziwe, angayambe zoti matiresi akale sanalakwe kanthu.

Ukagula ubwere nawo wekha, tidzakuoneko. Chaka chatha unati ubwera, chaka chino watinso ubwera, mpaka mlongo wako wakupatsa dzina loti Bwana Mawa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi yathu, uja timamuti Tifika.

Ndine amako.

Kutauni, 11 Meyi

Amayi okondedwa,

Moni nonse kumeneko. Ife tili bwino, mdzukulu wanu wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Bambo akupeza bwanji tsopano?

Matiresi ndagula, koma ndaona zakuda. Pawindo la sitolo analemba zilembo zazikulu ngati chitseko kuti mitengo yatsika ndi theka. Nditalowa, bambo wogulitsa anandionetsa tizilembo tapansi tonena kuti kutsikako n'kwa timatiresi ta makanda. Ndinamufunsa kuti tizilembo timeneti analembera nyerere kodi, iye anangomwetulira. Polipira, makina a khadi anati netiweki yavuta. Ananditumiza pa mzere wina, nditafika kutsogolo mayi wa pamenepo anaika kachikwangwani koti wapita kukadya. Ndinatuluka m'sitolomo dzuwa litapendeka.

Za muyezo musade nkhawa, ndinasamala kwambiri. Bambo wogulitsa uja anagwira ulusi uku, ine uku, ndipo tinaukoka ndithu mpaka unawongoka bwinobwino kuti pasakhale kulakwitsa. Pa matiresi onse a m'sitolomo, olingana ndi ulusi wanu anali amodzi okha, aakulu kuposa onse. Wogulitsayo anafunsa ngati bambo anga ndi chimphona. Ndinamuuza kuti bedilo anakhoma okha, ndipo sachita zinthu mwaumbombo.

Kubwera ndekha sinditha, kuntchito kwatentha. Ndapatsira Tifika. Wandilipiritsa ngati ndakweza anthu awiri, chonsecho matiresiwo akwera padenga. Nditadandaula anati, "Bwana, padenga ndiye pa mphepo yabwino." Lisiti ndalimata pa pulasitiki wakeyo kuti lisasowe. Mwezi wamawa ndiyesetsa ndibwere.

Ndine mwana wanu.

Kunyumba, 22 Meyi

Achimwene, Bwana Mawa,

Moni kwa inu, alamu anga ndi kamwana koluma anthuko. Mukapeza kangachepe munditumizireko ya mayunitsi, malipiro athu aphunzitsi achedwanso.

Matiresi anu afika, koma ayamba aona dziko. Tsiku lomwe munanena, ine ndi amayi tinakaima pasiteji. Basi inafika, Tifika anatsitsa njinga ya munthu ndi matumba, n'kunyamuka. Tikuyang'ana chonchi, matiresi athu ali padenga akupita! Amayi anathamanga akukuwa, ine ndinangogwira pakamwa. Mawa lake basi inadutsa pobwerera osaima chifukwa inali itadzaza, Tifika anangotulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Afika, mayi, afika!" Sabata yonse anthu apamsika amationetsa, "Aphunzitsi, katundu wanu uja wadutsanso." Pomwe amatsitsidwa n'kuti nkhuku za anthu zitagonapo, ndipo zinasiya umboni.

Tsopano nkhani ndi iyi. Achimwene, ulusi uja munaukoka eti? Ujatu unali ulusi wa juzi yanu yakale yomwe amayi anamasula kuti alukire mwana wanu chipewa. Umatanuka! Amayi poyeza anangouyala pabedi mofatsa, inu ndi mnzanu wa m'sitolo n'kukaukoka ngati mukukoka ng'ombe m'matope. Matiresi akana kulowa pabedi. Atsala kunja chikhatho ndi theka m'mbali, kumiyendo ndiye osanena. Kuti alowe kuchipinda kokha tinachita kuchotsa chitseko, ndipo potuluka nawo tinagwetsa wotchi ya pakhoma.

Pano aima pabalaza, atseka windo, m'nyumba muli mdima masana. Bambo akutuluka Lachisanu. Amayi akuti ndikufunseni kuti titani, koma mmene anafunsira sindingalembe pakalata.

Ndine mlongo wanu.

Kutauni, 26 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Za mayunitsi tidzakambirana, mwezi uno matiresi andidya.

Choyamba, ine sindinalakwe. Munthu akakupatsa muyezo umawongola, ndani amayeza ndi chingwe chokhota? Koma zatha, madzi akatayika sawoleka.

Ndapita kusitolo kuja. Anandizunguliritsa kwa anthu anayi, aliyense akuti si gawo lake, mpaka ndinapeza manijala, bambo wa tayi yofiira amene amayankhula akuyang'ana foni. Akuti ndalama sabweza, koma akhoza kusinthitsa ndi ang'ono ngati tabweza mwezi usanathe chigulireni, pulasitiki asanang'ambidwe, lisiti lili m'manja. Ndiye chonde, pulasitikiyo musamuboole ngakhale ndi chikhadabo. Bedilo uliyeze iweyo ndi lula ya kusukulu, ulembe manambala papepala. Za ulusi sindikufunanso kumva.

Mutumize msanga. Bambo mungowalongosolera bwinobwino, amva.

Ndine mchimwene wako.

Kunyumba, 2 Juni

Achimwene,

Moni, koma moni wake ndi wachangu. MUSASINTHITSE MATIRESI. Ndaimba foni yanu kuyambira dzulo mpaka chala chatupa, simukuyankha. Ndikudziwa mukuganiza kuti ndikufuna za mayunitsi. Amayi nawo foni yawo aiiwala pa chaja kukhitchini.

Imvani zomwe zachitika. Bambo atatuluka Lachisanu anapeza matiresi pabalaza. Anawazungulira ndi ndodo yawo, kuwadina ndi chala, n'kufunsa kuti agula ndani. Titanena kuti ndinu, anati tiwagoneke pansi. Anagonapo pompo, pulasitiki ali tswatswatswa, n'kunena kuti chibadwireni sanagonepo pa chinthu chotere. Amayi atangoyamba zoti ndi aakulu tiwabweze, bambo anati, "Chochokera m'manja mwa mwana sachibweza." Mukuwadziwa akatero.

Ndiye amayi anapanga nzeru zawo. Lolemba m'mawa bambo ali kosamba, tinawanyamula matiresi kupita nawo kusiteji. Amayi anakwera nawo okha, akuti Tifika sangamukhulupirirenso. Bambo tinawauza kuti amayi apita kukaona mdzukulu, ndipo matiresi tasungitsa kwa aneba chifukwa akutseka windo.

Ine pobwera kusukulu dzulo ndinamva khokhokho kuchipinda. Kulowa chonchi, bedi lili zidutswazidutswa, bambo ali chogwada, pensulo kukhutu, thukuta lili kamukamu. Achimwene, bambo akulitsa bedi! Anali atayeza kale matiresi anu ndi tepi yawo ife osadziwa. Matabwa atawachepera, aphwasula tebulo lodyera. Ndinati, "Bambo, msana!" Iwo anati, "Msana ndi wanga. Gwira apa." Ndinagwira, nanga ndikanatani? Lero amaliza, ndipo andituma kuti ndikatenge matiresi kwa aneba. Ndawanamiza kuti aneba achokapo ndi kiyi.

Amayi abwerere ndi matiresi omwewo, chonde. Kalatayi ndampatsa Tifika m'manja, walumbira kuti ifika lero.

Mlongo wanu, amene mutu waima.

Kutauni, 4 Juni

Mwana wanga wamkazi,

Moni kwa iwe ndi bambo ako. Akumwa mankhwala? Usawalole kunyamula kanthu, ngakhale ndowa yopanda madzi.

Ndinafika, koma ulendo wake! Tifika anandigulitsa mpando woti unagulidwa kale, ndiye ndinakhala pa thumba la anyezi, mwana wa eni ali pamiyendo. Pa siteji iliyonse ndimatsika kukaona ngati matiresi alipo, mpaka dalaivala anati, "Mayi, kodi padengapo pali amuna anu?" Ndinati eya, msana wawo uli pomwepo. Tayala linaphulika, tinakhala padzuwa mpaka milomo kuuma, Tifika akungoti tifika.

Dzulo tinapita kusitolo ndi mchimwene wako. Wa tayi yofiira uja anati tionetse lisiti. Titamatula pa pulasitiki, pepala lili mbee, lopanda ngakhale kadontho! Dzuwa la padenga linafufuta zonse. Iye anati, "Mayi, ili ndi pepala wamba, sitingakuthandizeni." Mchimwene wako anayamba chizungu chake chija, kenaka n'kundinong'oneza kuti tizipita, anthu akutiyang'ana. Ndinati pita wekha.

Ndinawagoneka matiresi pakhomo penipeni pa sitolo, n'kuvula nsapato, n'kukhalapo, n'kutulutsa zoluka zanga. Aliyense wolowa ndimamupatsa moni n'kumuonetsa pepala lija: "Mukagula muno, lisiti lake limasanduka chonchi." Mayi wina anabweza ketulo pashelefu. Banja lina lomwe limafuna firiji linatembenukira pakhomo. Mlonda atabwera kuti andichotse ndinamufunsa ngati amayi ake ali moyo, anangokanda m'mutu n'kubwerera. Mchimwene wako n'kuti atabisala kuseri kwa makatani ogulitsa, ndimangoona nsapato.

Chipewa cha mdzukulu chisanafike theka, wa tayi uja anabwera yekha, akuti mwadzidzidzi makina awo akumbukira kuti tinaguladi kwa iwo. Atipatsa ang'ono, olingana ndendende ndi manambala ako a lula. Wadinda chidindo chachikulu choti sadzasinthanso, ine ndinati ngakhale udinde pamphumi panga, sindidzabweranso.

Ndikubwera Loweruka. Bambo ako usawauze kanthu, ndikufuna ndidzaone nkhope yawo matiresi akadzalowa pabedi kuti khaa.

Ndine amako.

Kutauni, 8 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 2 ndailandira dzulo, amayi atanyamuka kale. Tifika anaipeza m'thumba la jekete pofuna machesi. Wandipatsa akumwetulira, ati, "Mwaona bwana, yafika." Ndinaiwerengera pa depoti pomwepo ndipo ndinakhala pansi pa katundu wa munthu osadziwa.

Mafoni ako ndinawaona. Ndimati ndikuimbira ndikalandira malipiro.

Kusitolo kuja sindingapondeko. Chidindo chija n'chachikulu kuposa lisiti lomwe, komanso mlonda akandiona amaseka. Nzeru yomwe ndili nayo ndi iyi: upeze kalipentala wina kumsika adzachepetse bedi libwerere mwakale, ndi tebulo alikonzenso. Ndilipira ine. Bambo asagwirenso macheka, chonde.

Undiuze, amayi atafika zinatha bwanji? Nyumba ikadalipo?

Ndine mchimwene wako.

Kunyumba, 15 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Sindinakulemberepo kalata, ndiye usadabwe ndi zilembo, ndikulemba chogona.

Moni kwa mkazi wako ndi mwana.

Wafunsa ngati nyumba ikadalipo. Ilipo. Amako atafika anaponya matiresi pabedi, matiresiwo n'kukhala pakati ngati mwana wovala nsapato za bambo ake. Amako anayang'ana bedi, ine ndinayang'ana matiresi. Kenaka anafunsa kuti tebulo lili kuti. Zomwe zinatsatira aneba angakuuze bwino, anamva zonse. Pano tikudyera pamiyendo.

Matiresi atsopanowa ndi abwino, koma sakhazikika. Ndikatembenuka amatsetsereka, ndimadzuka theka la thupi lili pa matabwa. Msana wayambiranso, kuposa kale. Ena akuti ndi chifukwa ndinagwira macheka. Amenewo ndi amako. Adokotala akufuna kundionanso kumapeto kwa mwezi, ndipo akapanda kukondwa, mpeni.

Za kalipentala wa kumsika iwala. Bedi ili ndinakhoma ndisanakwatire amako, ndipo munthu wokhomera misomali pomwe pafunika mfundo sadzaligwira ndili moyo. Ine kugwada sindingathenso, ndayesa. Mlongo wako ali ndi mtima koma macheka amawaopa. Watsala ndiwe. Uli mwana unkandigwirira matabwa, ngakhale unkagwira ukuyang'ana kumpira.

Ndalama zako usatumize. Sindinakulitse bedi chifukwa chosowa nzeru. Ndinati mwana wanga wanditumizira chinthu, ndichipezere malo. Matiresi afika pakhomo pano kawiri mwezi umodzi, achita kudziwika ndi msika wonse. Iwe amene uli ndi miyendo, anthu ayamba kufunsa ngati ndinali ndi mwana wamwamuna.

Ndatha ine bambo ako.

Kunyumba kwa makolo, 22 Juni

Mkazi wanga,

Moni, ndi kamlumi kathuko ukapsompsone, koma usamale chala. Ndikudziwa umandiyembekezera lero. Werenga kaye usanakwiye.

Ndinafika Lachisanu. Basi inafera panjira, tinakankha amuna tonse, ndipo Tifika anakana kutibwezerako kalikonse, akuti masewera olimbitsa thupi watipatsa aulere. Pasiteji mayi wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndine mlendo wa aphunzitsi. Mayi ameneyo ankandibereka kumsana ndili khanda. Zinandiwawa, ndisaname.

Bambo achepa thupi. Pafoni sizimaoneka zimenezi.

Dzulo lonse ndi lero m'mawa ndinali pa bedi lija. Bambo anakhala pampando pakhomo la chipinda, pilo kumsana, ndodo m'manja, akuloza. "Wakhotetsa." "Macheka sakankha, amawanyengerera." "Kodi kuofesi kwanuko amakulipirani chiyani, manja ofewa chonchi?" Mlongo wanga amangodutsadutsa ndi tiyi kuti aziseka bwino. M'manja mwanga muli matuza okhaokha. Tebulo nalo labwerera, ngakhale lafupika pang'ono ndipo mwendo umodzi tauikira kachikatoni. Amayi ati bola likuima.

Masana ano tinaponya matiresi pabedi, analowa kuti khaa, osasiya mpata ngakhale wa chala. Amayi anaomba m'manja. Bambo anayendetsa dzanja pomwe ndinadula, anati pakhota, koma pakhota mwaulemu. Chikwama changa n'kuti chili kale pakhomo, basi yamasana itatsala pang'ono.

Ndiye bambo anati agone ayese, ndipo ine ndikhale m'mphepete timve ngati likulira. Ndinakhala. Silinalire. Anandigwira pamkono n'kuyamba kundiuza komwe anagula matabwa a bedili, kuti mwini wake anawabera pa mtengo, kuti anawanyamula pamutu mvula ikugwa. Nkhani isanathe mawu anayamba kuchepa, kenaka ndinangomva mkonono. Amayi anasuzumira n'kunong'ona kuti chitulukireni m'chipatala sanagonepo chonchi, amangobuula. Dzanja lawo linali likadali pamkono panga, ndipo kugwira kwa kalipentala ukukudziwa.

Hutala ya basi inalira kusiteji. Mlongo wanga anabwera chothamanga, akuloza chikwama, akufunsa ndi manja ngati akaimitse basi. Ndinapukusa mutu. Inaliranso kachiwiri, kenaka ndinaimva ikupita.

Ndikhala mpaka tsiku la adokotala, ndikufuna ndikawaperekeze ndekha. Kalatayi ikupeza mawa, Tifika akakumbukira. Abwana anga uwaimbire, uwauze kuti basi inandisiya. Si bodza.

Ndine mwamuna wako.